Kodi komiti ya aphungu ku Edinburgh imamvadi odwazika matenda?

Funso

Ndine mayi wa ku Malawi, ndakhala ku Paisley, pafupi ndi Glasgow, kwa zaka zambiri tsopano. Abambo akunyumba anadwala sitiroko zaka zitatu zapitazo ndipo mbali imodzi siigwira. Ndine ndimawasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza usiku. M'mamawa ndimagwira ganyu yokolopa m'maofesi. Ndimalandira Carer Support Payment, ndalama ya boma ya osamalira odwala, koma mwezi wina anandiimitsira chifukwa ndinagwira maola owonjezera n'kupitirira malire a malipiro ndi ndalama yochepa kwambiri. Ku gulu lathu la osamalira odwala akutiuza kuti tizilembera komiti ya aphungu ku Edinburgh. Komiti imeneyi imachita chiyani kwenikweni? Kodi si kutaya nthawi kwa munthu amene ngakhale tulo sakuliona?

Yankho

Pepani mayi ndi matendawa, ndipo mundiperekere moni kwa abambo. Kulembera komiti si kutaya nthawi, koma phindu lake limadalira nthawi imene mwalankhula ndiponso khomo limene mwagogoda. Mawu anu akafika lamulo likadali m'manja mwa olemba, amatha kusintha chiganizo chathunthu. Mawu omwewo akafika zonse zitadindidwa kale, aphungu amangokumverani chisoni basi. Akuluakulu anati kuongola mtengo m'poyamba, ndipo ntchito ya komiti yagona pamenepo.

Tiyambe ndi ndalama imene anakuimitsiraniyo, chifukwa imeneyo komiti siingakubwezereni. Komiti siweruza dandaulo la munthu mmodzi. Njira yanu ndi kupempha Social Security Scotland, ofesi ya boma yolipira ndalamayi, kuti aunikenso chigamulo chawo, zimene iwo amazitcha redetermination. Muli ndi masiku 42 kuchokera pamene munalandira kalata, ndipo ngati mwachedwa pa chifukwa chomveka, monga kugonekedwa m'chipatala kwa wodwala, pempho lochedwa amatha kulilandira. Iwo ali ndi masiku 56 oti akuyankheni. Mukapanda kukhutira mumachita apilo ku bwalo la milandu la First-tier Tribunal pasanathe masiku 31. Musanavomereze kuti munapitiriradi malire, wina awerengetse bwino. Malirewo amayang'ana ndalama yotsala atachotsa msonkho, National Insurance, theka la zimene mumasonkha ku penshoni, ndiponso gawo la ndalama imene mumalipira munthu wosakhala wachibale wapafupi kuti atsale ndi abambo inu muli kuntchito. Komanso munthu wa malipiro okwera ndi kutsika ngati inu angathe kupempha kuti aphatikize masabata angapo n'kugawa mofanana, osangoyang'ana mwezi umodzi woipawo. Pitani ndi mapepala anu a malipiro ku bungwe la alangizi la Citizens Advice kapena ku ofesi ya osamalira odwala ya m'dera lanu. Ngati zakanirira, muli ndi aphungu asanu ndi atatu okuimirani ku Holyrood, ku Nyumba ya Malamulo ya ku Edinburgh, mmodzi wa dera lanu ndi asanu ndi awiri a chigawo chonse, ndipo aliyense wa iwo angathe kukulemberani kalata yofunsa za nkhani yanu.

Tsopano komiti. Nyumba ya Malamulo ya Scotland, imene inayamba ntchito mu 1999, ili ndi aphungu 129 ndipo ili ndi chipinda chimodzi chokha, monga momwe iliri yathu ya ku Lilongwe. Ku London bilu ikatuluka m'chipinda cha aphungu imakapezanso maso ena ku House of Lords. Ku Edinburgh kulibe zimenezo, choncho ntchito yopeta ndi kusankha miyala inaikidwa m'manja mwa makomiti. Komiti ndi kagulu ka aphungu ochepa, ogawidwa molingana ndi mphamvu za zipani m'Nyumba, ndipo nduna sizikhala mamembala ake. Kuyambira 2016 mpaka 2021 yoona nkhani zanuzi inkatchedwa Social Security Committee, kenako mu 2021 inakhala Social Justice and Social Security Committee. Makomiti amakonzedwanso pakatha chisankho chilichonse ndipo dzina limatha kusintha, choncho muziyang'ana ntchito yake, osati dzina lokha. Kumbuyo kwa aphunguwo kuli alembi a komiti ndi akatswiri a kafukufuku a SPICe, amene amawerenga zonse zimene anthu atumiza n'kukonzera aphungu chidule ndi mafunso. Kalata yanu imayamba kufika m'manja mwa amenewa.

Pali chinthu chimene ambiri sachidziwa, ndipo chimakhumudwitsa anthu pachabe. Scotland ilibe ulamuliro pa chithandizo chonse cha boma. Itatha referendamu ya 2014 yofunsa ngati Scotland idziimire payokha, bungwe la Smith Commission linalangiza kuti mphamvu zina zichoke ku London, ndipo lamulo la Scotland Act 2016 linapereka ku Edinburgh chithandizo cha olumala, cha osamalira odwala ndi zina zingapo. Universal Credit (chithandizo cha opeza zochepa), penshoni ya boma ndi malamulo olowera m'dziko zinatsala ku Westminster, ku Nyumba ya Malamulo ya ku London. Mukalembera komiti ya ku Edinburgh kudandaula kuti Universal Credit imakudulani paundi iliyonse imene mwalandira ya Carer Support Payment, mukunena zoona, koma mwagogoda pakhomo la mnansi. Iwo angathe kulembera nduna ya ku London, ndipo nthawi zina amatero, koma sangailamule.

Kuti muone komiti ikugwira ntchito ndi mphamvu zake zonse, onani zimene zinachitika ndi bilu imene inabala Social Security (Scotland) Act 2018. Boma linaibweretsa mu Juni 2017, ndipo nduna Jeane Freeman ndi amene anaiyendetsa m'Nyumba. Bilu iliyonse imadutsa magawo atatu, ndipo awiri oyamba ali m'manja mwa komiti. Pa gawo loyamba funso limakhala lakuti kodi cholinga chake n'choyenera. Boma limakakamizidwa kubweretsa pamodzi ndi biluyo mapepala ofotokoza chifukwa chake, ndalama imene idzadye, ndi mphamvu zimene nduna ikudzipatsa. Komiti imalengeza kuti aliyense atumize maganizo, imaitana mboni kudzakhala pamaso pake, ndipo pomaliza imaitana nduna kudzayankha zimene mbonizo zanena. Zonse zimaonetsedwa pa intaneti ndipo mawu onse amalembedwa m'buku la Official Report. Kenako komiti imalemba lipoti, boma limayankha, ndipo Nyumba yonse imavota.

Pa bilu ya 2017 ija, mboni zambiri zinaloza chinthu chimodzi. Biluyo inali ngati nyumba ya mizati ndi denga koma yopanda zipupa. Inali ndi mfundo zokongola, zonena kuti chithandizo cha boma ndi ufulu wa munthu ndiponso kuti ulemu wa munthu ukhale patsogolo, koma sinanene kuti ndani adzalandira, zingati, pa zifukwa ziti. Zonsezo zinasiyidwa kuti nduna idzazilembe pambuyo pake m'malamulo aang'ono. Komiti inakakamira pamenepa mu lipoti lake la Disembala 2017, ndipo zotsatira zake zilipo mpaka lero. Kunakhazikitsidwa bungwe loima palokha la Scottish Commission on Social Security, limene limaunika malamulo aang'onowo asanafike kwa aphungu, ndipo wapampando wake woyamba anali Sally Witcher. Munalowanso udindo woti ndalama ya osamalira odwala ndi ya olumala izikwezedwa chaka ndi chaka molingana ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Poyamba zimenezi munalibe m'biluyo. Ndalama yanu ikamakwera mwezi wa Epulo uliwonse, dziwani kuti inachokera m'makangano a m'chipinda cha komiti.

Gawo lachiwiri ndi la mzere ndi mzere. Phungu aliyense angathe kubweretsa chosintha, koma ovota ndi mamembala a komiti okha, ndiye voti imodzi imalemera kwambiri. Apa ndi pamene panachitikira nkhani imene ndimaikonda kuifotokozera anthu otaya mtima. Nthawi imeneyo lamulo la ku London linkati munthu amawerengedwa kuti akudwala matenda osachiritsika, kuti athandizidwe mwachangu, pokhapokha dokotala akuyembekeza kuti amwalira pasanathe miyezi isanu ndi umodzi. Mabungwe a Marie Curie ndi MND Scotland, pamodzi ndi mabanja amene anadwazikapo matenda otere, anauza aphungu kuti palibe dokotala amene angawerenge masiku a munthu chotero, ndipo anthu ena ankamwalira akudikira mafomu. Komiti inavomereza chosintha cha phungu Jeremy Balfour, wa chipani chotsutsa, chokankhira malirewo ku zaka ziwiri. Boma silinakondwe ndi nambalayo, koma linakakamizika kubwera ndi njira ina, ndipo pa gawo lachitatu Nyumba inagwirizana kuchotseratu malire a nthawi n'kusiya nkhaniyo m'manja mwa achipatala. Bilu yonse inadutsa mu Epulo 2018 popanda phungu wotsutsa. Kwa wodwazika matenda zimenezi si nkhani yakutali, chifukwa inu simungalandire kanthu mpaka wodwala wanuyo atayamba kulandira chithandizo cha olumala. Chake chikafulumira, chanunso chimafulumira.

Tsono vuto lanu lenileni, malire a malipiro, silili m'lamulo lalikulu ayi. Lili m'malamulo aang'ono aja, amene pa Chingerezi amati regulations, ndipo apa dzanja la komiti limafupika. Maola 35 pa sabata amene muyenera kusamalira wodwala, ndalama ya £83.30 pa sabata imene inayamba mu Epulo 2025, malire a £196 pa sabata a chaka chomwecho, zonsezi nduna imalemba yokha n'kuzibweretsa zathunthu. Komiti imapatsidwa masiku osapitirira 40, imaitana nduna, imafunsa, koma siingasinthe ngakhale liwu limodzi. Imangolangiza Nyumba kuti ivomereze kapena ikane. Ndipo taganizani, ndi phungu uti angakane malamulo obweretsa ndalama kwa anthu zikwizikwi chifukwa chiganizo chimodzi sichinamusangalatse? Akakana, onse adikira. N'chifukwa chake kukana kumachitika mwa apo ndi apo kwambiri. Ine ndimaona kuti ichi ndi chofooka chachikulu pa dongosolo lonseli, chifukwa zinthu zimene zimakhudza mphika wa banja ndi zomwe aphungu ali nazo mphamvu yochepa.

Mankhwala ake ndi kulankhula malamulowo asanaume. Boma linafunsa anthu maganizo pa chithandizo chatsopano cha osamalira odwala mu 2022. Litalemba malamulowo linawatumiza ku Scottish Commission on Social Security ija, imene inakambirana ndi osamalira odwala n'kulemba malangizo ake, ndipo boma linayenera kuyankha poyera kuti lalandira ati ndipo lakana ati. Aphungu akamafunsa nduna, amakhala atagwira lipoti limenelo m'manja. Palinso komiti ina, Delegated Powers and Law Reform Committee, imene siyang'ana ngati lamulo ndi labwino kapena loipa, koma ngati lalembedwa molondola ndiponso ngati nduna sinalumphe mphamvu zimene inapatsidwa. Carer Support Payment inayamba moyeserera mu Novembala 2023 ku Dundee, Perth and Kinross ndi zilumba za Western Isles, ndipo inafika Scotland yonse mu Novembala 2024. Zina zinasinthadi. Pa Carer's Allowance, ndalama ya ku London imene Carer Support Payment inalowa m'malo mwake, munthu wophunzira maola 21 kapena kuposerapo pa sabata salandira, koma ku Scotland ophunzira ambiri anatsegulidwira khomo. Kwa ife obwera, chosintha chachikulu ndi ichi: m'malo mokhala m'dziko masabata 104 mwa masabata 156 apitawo, tsopano akufuna masabata 26 mwa 52. Munthu amene anapita kumudzi nthawi yaitali kukadwazika mayi ake n'kubwerera sadikiranso zaka ziwiri.

Koma phompho la malire a malipiro linatsala. Mukapitirira malire ndi paundi imodzi, mumataya ndalama yonse ya sabata imeneyo, osati paundi imodziyo. Aphungu atafunsa chifukwa chake zinthu zambiri zinangokoperedwa kuchokera ku London, yankho la boma linali lakuti anthu zikwi makumi ambiri ankasamutsidwa kuchoka ku DWP, unduna wa ku London woona za chithandizo, kupita ku Social Security Scotland, ndipo silinkafuna magulu awiri a anthu okhala ndi malamulo osiyana pa nthawi imodzi. Linkanenanso kuti DWP iyenera kupitiriza kuiona ndalama yatsopanoyi ngati yofanana ndi yakale, kuti anthu asataye zowonjezera zimene amalandira pa Universal Credit ndi Pension Credit, chithandizo cha okalamba opeza zochepa. Zifukwazi ndi zoona, sindikuzinyoza. Koma chifukwa cha msamuko chimatha msamuko ukatha, ndipo apa ndi pamene komiti yabwino imaonekera: kukumbukira zimene nduna inati zidzachitika mtsogolo, n'kuiitananso kudzafunsa kuti mtsogolomo mwafika liti. Pa zofunsa za 2022 boma linatchula £10 yowonjezera pa sabata kwa wosamalira anthu oposa mmodzi, ndiponso kuti ndalama izipitirira masabata 12 m'malo mwa 8 wodwala akamwalira. Malonjezo otere akalembedwa mu Official Report amakhala ngongole, ndipo komiti ndi imene imasunga buku la ngongolezo.

Ndisakunamizeni kuti komiti imapambana nthawi zonse. Mu 2018 kunayamba Carer's Allowance Supplement, ndalama yowonjezera imene inkalipidwa kawiri pa chaka, mu Juni ndi Disembala. Inayamba pa £221, chifukwa Carer's Allowance inali £64.60 pa sabata pamene munthu wofuna ntchito ankalandira £73.10, ndipo kusiyana kwa £8.50 kuja akakuchulukitsa ndi masabata 26 kumakwana £221. Taonani kumene tinachokera: wosambitsa wodwala maola 35 ankalandira zochepa kuposa wosowa ntchito. Mu 2021, mliri wa Covid utatopetsa mabanja, boma linabweretsa bilu yaifupi yowirikiza ndalama ya Disembala chaka chimenecho kufika £462.80. Kuti ndalamayo ifike Khirisimasi isanakwane, biluyo inathamangitsidwa, ndipo komiti inali ndi masabata ochepa chabe. Osamalira odwala anayankha mwaunyinji, ambiri akunena kuti ndalamayo ndi yabwino koma ndi ya kamodzi, ndipo ambiri a iwo sadzaiona n'komwe. Aphungu otsutsa anayesa kuti kuwirikizako kupitirire zaka zotsatira, koma analephera pa voti. Olandira anali pafupifupi 91,000, pamene kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 600,000 ku Scotland osamalira wachibale kapena mnansi popanda malipiro.

Pakati pa otsalawo pali agogo amene amandimvetsa chisoni kwambiri. Mayi wa zaka 70 wosamalira mwamuna wake usana ndi usiku amauzidwa kuti ndi woyenera kulandira, koma salandira kanthu, chifukwa lamulo silimalola kulandira penshoni ya boma ndi ndalama ya osamalira pa nthawi imodzi ngati penshoniyo ndi yokulirapo. Chimene amatsala nacho ndi kalata yomuthandiza kupeza kowonjezera pa Pension Credit ngati ali wovutika. Nkhani imeneyi yanenedwa pamaso pa makomiti kambirimbiri. Imakanirira pa ndalama, ndipo ndalama ili ndi nyengo yakeyake. Chaka chilichonse boma lisanalengeze bajeti, makomiti amaitana mboni n'kulembera nduna zimene akufuna kuona. Scottish Fiscal Commission imalosera kuti chithandizo chidzadya zingati, ndipo London imatumiza ndalama yongofanana ndi imene ikanagwiritsa ntchito pa malamulo ake. Chilichonse chimene Scotland yawonjezera iyenera kuchipeza m'thumba lake, kutanthauza misonkho kapena kudula kwina. Munthu wopempha kuti malire achotsedwe amafunsidwa pomwepo kuti zidzadya zingati, ndipo mabungwe amene amabwera atawerengetsa kale ndi amene amamvedwa.

Za phompho la malipiro, phunziro lowawa linachokera ku Westminster. Mu 2019 komiti ya kumeneko, Work and Pensions Committee, pamodzi ndi ofesi younika ndalama za boma ya National Audit Office, inachenjeza kuti osamalira odwala akuunjikiridwa ngongole chifukwa chopitirira malire pang'ono, pamene boma linali ndi njira yodziwira msanga koma linkachedwa kuwauza. Lipoti linalembedwa, malonjezo anaperekedwa, zinthu sizinasinthe kwenikweni. Pofika 2024 ngongole zotere zinali zitaposa £250 miliyoni, ndipo panafunika manyuzipepala kufuula kuti boma lisankhe Liz Sayce kufufuza nkhaniyo payekha. Malire anakwera kuchoka pa £151 kufika pa £196 mu Epulo 2025, kuti agwirizane ndi maola 16 a malipiro otsikitsitsa ovomerezeka, ndipo Scotland inachita chimodzimodzi. Komiti ya ku Westminster ija inaona vutolo zaka zisanu anthu ambiri asanalimve. Inalibe mphamvu yolamula, koma umboni umene inasonkhanitsa ndi umene atolankhani ndi aphungu ena anadzaimapo pambuyo pake, ndipo palibe nduna imene ikanati sitinkadziwa.

Mwatchula tulo, ndipo sindikufuna kulumpha mawu amenewo. Nkhani ya kupuma ili pakhomo lina, la komiti ya zaumoyo. Lamulo la Carers (Scotland) Act 2016, limene linayamba kugwira ntchito mu Epulo 2018, limakupatsani ufulu wopempha khonsolo kuti ikulembereni Adult Carer Support Plan, ndondomeko yoona zosowa zanu inuyo, osati za wodwala zokha. Limanenanso kuti achipatala akambirane nanu asanatulutse wodwala. Ngati simunapemphe ndondomekoyi, pemphani sabata ino, sikudalira kuti mumalandira ndalama kapena ayi. Ufulu wopuma unabwera ndi bilu ya National Care Service ya 2022, imene makomiti angapo anaizukuta kwambiri. Komiti ya zachuma inakana kukhutira ndi mawerengero a boma mpaka boma linabweretsa ena. Pomaliza mbali yaikulu ya biluyo inasiyidwa, koma ufulu wa osamalira odwala wopeza nthawi yopuma unapulumuka n'kulowa mu Care Reform (Scotland) Act 2025. Apanso tsatanetsatane wake akudalira malamulo aang'ono ndi ndalama za makhonsolo, ndiye mawu a munthu wotembenuza wodwala katatu usiku uliwonse akufunika kumeneko tsopano lino.

Mungalembe bwanji? Komiti ikatsegula zofunsa, imaika mafunso pa tsamba la Nyumba ya Malamulo ndi tsiku lotsekera. Simukakamizidwa kuyankha onse, ndipo Chingerezi cha m'mabuku sichofunika. Chimene chimagwira ntchito ndi nkhani yokhala ndi manambala ake. Kulemba kuti osamalira odwala tikuvutika n'zoona, koma aphungu anazimva kale kambirimbiri. Lembani kuti abwana anakupemphani kugwirira mnzanu wodwala maola angapo, munapitirira malire ndi ndalama yakuti, munataya yakuti, ndipo kuyambira pamenepo mumakana maola owonjezera ngakhale magetsi akwera. Kenako nenani chimene mukufuna chisinthe, mwachitsanzo kuti ndalama izichepa pang'onopang'ono malipiro akamakwera m'malo modukiratu. Phungu akapeza nkhani yotere amaiwerenga pamaso pa nduna n'kufunsa kuti mayi ameneyu timuuze chiyani, ndipo funso lotere ndi lovuta kulizemba. Zimene mwatumiza zimaikidwa poyera, koma mungathe kupempha kuti dzina lanu libisidwe kapena kuti aziwerenge aphungu okha. Popeza mukufotokozanso za thupi la abambo, kambiranani nawo kaye. Makomiti amakonzanso zokambirana zapadera, zopanda makamera, ndi anthu amene akukumana ndi mavutowo, ndipo kawirikawiri amawapeza kudzera m'mabungwe monga Carers Scotland, Coalition of Carers in Scotland, Carers Trust Scotland ndi MECOPP, bungwe la ku Edinburgh loona za osamalira odwala ochokera m'mitundu yochepa. Auzeni a gulu lanu kuti mwayi wotere ukapezeka mukufuna kupita, ndipo mufunse za thandizo la mayendedwe ndi la wotsala ndi wodwala.

Ndikukulimbikitsani makamaka chifukwa anthu a kwathu sitioneka m'mabuku amenewa. Kwathu mkazi wodwazika mwamuna wake sadzitcha dzina lililonse, amangoti ndi banja langa. Tinakula tikuona magadiyani akugona pansi m'mawodi, akuphika phala kuseri kwa chipatala, osayembekezera tambala. Ndi khalidwe labwino ndipo sindikufuna kuti tilitaye, koma kunja kuno kulibe azakhali ndi alamu oti mulandizane nawo, ndipo amene sanadzitchule kuti ndi wosamalira sawerengedwa. Aphungu akamakambirana mafomu, samva za mayi amene amaopa kalata iliyonse ya boma, kapena amene akutumizanso ndalama kumudzi kwa wodwala wina. Chenjezo limodzi lokha kwa anzanu a m'gulu: amene chilolezo chawo chokhalira m'dziko chimaletsa kulandira ndalama za boma asalembetse chithandizochi asanafunse mlangizi wa za viza, chifukwa zingawawonongere mapepala. Koma kulembera komiti sikufuna chilolezo chilichonse, ndipo ngakhale iwowo angathe kufotokoza zimene akuona.

Kholo la ndalama imene mukulandirayi linayamba mu 1976 ndi dzina la Invalid Care Allowance, ndipo nthawi imeneyo akazi okwatiwa sankaloledwa kulandira, poganiza kuti mkazi wapabanja amakhala pakhomo kale. Zinasintha mu 1986, mayi wina wosamalira mayi ake, Jacqueline Drake, atapambana mlandu ku khoti la ku Ulaya. Zaka khumi zinadutsa lamulo likuona ntchito ngati yanuyi kuti ndi udindo wamba wa mkazi. Choncho sungani kalata imene anakuimitsirani ndalama ndi mapepala a malipiro a mwezi umenewo. Kope limodzi lipite ndi pempho lanu loti aunikenso, masiku 42 asanathe. Linalo mulisunge m'kabati, ndipo komiti ikadzafunsanso za malire a malipiro, mudzalembe kuchokera pa manambala omwewo.